Tinsomba ta ku Amazon pa Kutentha kwa ku Nchalo

Tinsomba totchedwa Apistogramma agassizii kwawo ndi mu timitsinje ta m'nkhalango ya Amazon, ndipo ngakhale tili pa ubale ndi chambo komanso makakana athu a mu Shire, yaimuna yokhwima sipitirira masentimita 8, pamene yaikazi ndi yocheperapo. Nditagula tiwiri ku Blantyre n'kubwera nato kuno ku Nchalo, apongozi anga anasuzumira mu thanki yagalasiyo n'kufunsa mwaulemu kuti, "Akamwini, kodi timeneti tidzakwana m'mbale liti?" Ndinawafotokozera kuti si ndiwo ayi, koma malonda, chifukwa anthu ena amagula tinsomba totere tiwiritiwiri kuti azingotiyang'ana.

Kuikira mazira sikunavute. Yaikazi inasanduka yachikasu kwambiri, inalowa m'chigoba cha kokonati chomwe ndinavundikira pansi pa thanki, n'kumata mazira kudenga kwake. Vuto linali loti mawa lake mazirawo ankayera n'kuchita chuku. Madzi a m'mijigo yambiri kuno ku Chikwawa ndi amchere, pamene tinsombati timaswana m'madzi opanda mchere, okhala ndi asidi pang'ono chifukwa cha masamba owolerana pansi pa mtsinje, madzi amene pH yake, womwe ndi muyeso wa asidi m'madzi, siifika 7. Kunalibe kuchitira mwina koma kudikira mvula, ndipo tsiku lomwe inagwa yoyamba, anansi anaona bambo wamkulu ndithu akuthamangathamanga ndi mabeseni pabwalo, kenako akutola masamba ouma n'kukawathira m'madzi omwe wawavutikirawo.

Madzi atakhala bwino, mazira analeka kuyera, koma anayamba kusowa. Nsomba yaikazi ikaona kuti pamalo palibe mtendere imadya mazira ake, ndipo mtendere pakhomo panga panalibedi, poti mbiri inali itawanda yoti kwa uje kuli nsomba yoikira m'chigoba cha kokonati. Ana asukulu ankagogoda galasi, ndipo magetsi akazima, akuluakulu ena ankabwera ndi tochi. Ndinakuta thankiyo ndi chitenje n'kuletsa aliyense kuyandikira, zomwe zinachititsa kuti mbiri ija isinthe, anthu n'kuyamba kunong'onezana kuti pachipinda chochezera ndikusunga chizimba cha bizinesi. Mayi a kunyumba anapirira mafunso ambiri kumjigo m'masiku amenewo.

Tiana tinaswa ndithu, ndipo patatha pafupifupi sabata tinatuluka m'chigoba muja tili m'chigulu, make akutitsogolera. Chimwemwe chitandipitirira, ndinalandiriratu ndalama kwa anthu a ku Ngabu ndi ku Bangula, n'kuwalonjeza kuti aliyense adzatenga yaimuna ndi yaikazi tinsombato tikadzakula.

Apa ndi pamene chigwa chathu chinalowerera pa nkhaniyi. Mwa nsomba za mtundu wa Apistogramma, kutentha kwa madzi m'masabata oyambirira a moyo wa tiana ndiko kumathandiza kugamula kuti tidzakhala taamuna kapena taakazi. Akatswiri awiri a ku Germany, Römer ndi Beisenherz, analemba mu 1996 kuti madzi akakhala cha pa madigiri 23 taakazi timachuluka, koma akafika cha pa 29 taamuna ndi timene timachuluka. Tsono kuno, kumene dzuwa limapitirira madigiri 40 ndipo mvula ikagwa kutentha kumangosanduka chithukuta, m'nyumba ya malata madzi a m'thanki sankatsika pa 30 ngakhale usiku. Oweta nsomba ku Ulaya amagula zotenthetsera madzi. Ife tikufunika ayezi, ndipo ayeziyo amadalira magetsi.

Patapita miyezi, tinsomba tija tinayamba kuonetsa chomwe tili. Kamodzi kanatulutsa mchira wosongoka ngati mkondo, chizindikiro cha yaimuna, kenanso chimodzimodzi, mpaka thanki yonse inadzaza anyamata okhaokha otambasulirana zipsepse ndi kuthamangitsana kuyambira m'mawa. Apongozi anayang'ana kwa nthawi yaitali n'kunena kuti, "Akamwini, pamudzi wopanda mbeta ndewu siyitha. Bwanji tingotikazinga?"

Komabe pakona panali kamodzi kotuwa, kakang'ono, ka mchira wozungulira, kokonda kubisala. Ndinakatcha kakakazi, ndipo popeza kanali kokhako, ndinabweza ndalama za ena onse n'kukagulitsa pamodzi ndi yaimuna imodzi, pa mtengo wokwera, kwa aphunzitsi ena opuma pantchito a ku Bangula. Iwowo, posamala katundu wodula, anakaika m'thanki yakeyake kuti kayambe kanenepa. Koma yaimuna yoponderezedwa ndi zinzake imabisa maonekedwe ake n'kumaoneka ngati yaikazi, ndipo ikangochoka pamaso pa zamphamvuzo imakula n'kuvala mitundu yake yonse.

Loweruka lina aphunzitsiwo anatsika minibasi pa Nchalo atanyamula ndowa yovindikira, n'kukwera kabaza mpaka pakhomo panga. Anandipatsa moni wonse mwadongosolo, anafunsa za ana ndi za apongozi, kenako anavundukula ndowayo nati, "Achimwene, mkazi munandigulitsa uja wamera ndevu." Ndinawabwezera ndalama zawo, ndinalipira ya minibasi popita ndi pobwera, ndipo wakabaza naye anali chiimire pachipata kudikira yake.