Lofiira ndi lakuda: majiki a makhadi a mu 1958 amene safuna manja ochenjera

Magazini akale a anthu a majiki, monga The Sphinx yomwe idayamba mu 1902 ndi The Jinx ya Theodore Annemann yomwe idatuluka kuyambira 1934 mpaka 1941, adadzaza ndi masewero a makhadi. Ambiri mwa iwo amafuna makhadi oterera, tebulo losalala ndi zala zozolowera. Makhadi athu ogula pa Kamuzu Road, akamwa chinyezi cha kunyanja kuno ku Salima, amamatirirana, ndiye zambiri zolembedwazo zimakanika. Koma alipo masewero ena omwe ntchito yonse imagwiridwa ndi masamu, ndipo loposa onse kwa ine ndi la Norman Gilbreath, lomwe lidatuluka m'magazini ya The Linking Ring mu 1958 ndi dzina loti Magnetic Colors.

Oonerera amaona izi: mmodzi wa iwo asakaniza makhadi yekha, inu muwabisa kumbuyo kapena pansi pa chitenje, nkumatulutsa awiriawiri osayang'ana. Awiri aliwonse, limodzi lofiira, lina lakuda.

Kukonzekera kumachitika anthu asanabwere. Chotsani majoka, mutsale ndi makhadi 52, ofiira 26 ndi akuda 26. Werengani ndithu, pakuti paketi yomwe ana akhala akuseweretsa kawirikawiri imaperewera. Ngati lasowa limodzi lofiira, chotsaninso limodzi lakuda kuti akhale 50, sewero liyendabe. Kenaka sanjani mosinthanitsa, lofiira, lakuda, lofiira, lakuda, mpaka onse atha. Manambala alibe ntchito.

Pamaso pa anthu, lolani wina adule paketi, kutenga gawo lapamwamba nkuliika pansi, kangati konse angafune. Kudula sikuwononga kusinthanaku. Tsopano mpatseni agawe makhadi chafufumimba, limodzilimodzi, pamulu umodzi, aleke pomwe wafuna, makamaka chapakatikati. Pakhala milu iwiri. Kugawa kotereku kumatembenuza ndondomeko ya mulu watsopanowo, kotero khadi lapansi pa mulu uwu limasiyana mtundu ndi lapansi pa mulu winawo, ngakhale munthuyo alekere pa khumi kapena pa 31. Apamwamba nawonso amasiyana.

Magazini aja ankaganiza kuti aliyense amatha kulowetsana milu iwiri ndi zala zazikulu, makhadi nkumagwa phuruuu mbali zonse. Kuno ambiri timasakaniza mokoka timagulu kuchoka dzanja lina kupita lina, ndipo njira imeneyo imapha sewero lonse. Ngati munthuyo satha kulowetsana, asavutike. Ayale milu iwiriyo pamphasa, uliwonse motalika pang'ono, nkuikankhira pamodzi kuti ilowane. Kapenanso, njira yomwe imadabwitsa kwambiri, azitenga khadi lapamwamba pa mulu uliwonse womwe wamusangalatsa, limodzilimodzi, nkumaunjika pamulu wachitatu: atatu uku, limodzi uko, asanu uku, monga mtima wake wafunira.

Chomwe chimachitika ndi ichi. Tinene kuti pamwamba pa mulu wakumanzere pali lofiira, wakumanja lakuda. Akatenga lofiiralo, pansi pake patuluka lakuda, ndiye milu yonse iwiri ili ndi lakuda pamwamba. Atenge kulikonse, lachiwiri likhala lakuda basi. Akatero milu ibwerera mwakale, wina lofiira wina lakuda, ndipo nkhani iyambiranso. Munthuyo amasankhadi, koma chomwe akusankha ndi chakuti ndi khadi liti lofiira likumane ndi liti lakuda.

Inu kumbuyoko mungotenga awiri apamwamba. Muchedweko pang'ono ngati mukufufuza ndi zala, nthawi zina mutenge awiri apansi, omwenso ndi osiyana. Musatulutse magulu onse 26. Asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu akwana, kupitirira apo anthu ayamba kuganiza za kasanjidwe. Ndipo pamudzi nkwabwino kuneneratu kuti awa ndi masamu a makhadi, kuopa kuti mawa mungamveke mbiri ya ufiti.

Zolakwika zambiri zimachokera pogawa paja. Makhadi awiri akamatirirana nkugwa ngati limodzi, sanatembenuzike, ndipo pamalo pamenepo pakhala ofiira awiri ndi akuda awiri motsatana. Zikatero magulu ena angatuluke ofanana. Yang'anitsitsani zala za wogawayo, ndipo makhadi a chinyezi muyambe mwawapukuta ndi nsalu youma. Kusakaniza nkamodzi kokha, kachiwiri palibe chotsala. Nyengo ya mwera musayale makhadi panja ku Senga Bay, limodzi likauluka nkubwezedwa pena, zatha. Musaonetsenso nkhope za makhadi nthawi yaitali atasakanizidwa, chifukwa wamaso akuthwa aona kuti palibe pomwe pali atatu a mtundu umodzi motsatana.

Wina akaumirira kudulanso atasakaniza kale, musakane. Tembenuzani paketi mwachangu, pezani pomwe ofiira awiri kapena akuda awiri agundizana, mudule pakati pawo. Awiri ofanana sangakhale a gulu limodzi, choncho pamenepo ndi pamalire, ndipo magulu abwerera m'malo mwake.

Njira yomweyi imagwiranso pa zizindikiro zinayi za makhadi. Sanjani paketi yonse mobwereza ndondomeko imodzi ya zizindikirozo, gawani limodzilimodzi monga kale, sakanizani kamodzi, ndipo anayi aliwonse kuchokera pamwamba akhala ndi zizindikiro zonse zinayi. Apa kugawa limodzilimodzi nkosalumphika, kungodula milu iwiri sikugwira, ndipo ngati khadi lasowa muyenera kuchotsa limodzi pa chizindikiro chilichonse chotsalacho kuti akhale 48.