22/7 si pi ayi anzanga

Ndikubwereza masamu pokonzekera MSCE ndiye ndafika pa mitundu ya manambala ija timangoidumpha poti akuti nzophweka. Ma natural numbers 1, 2, 3, ukaikapo ziro akhala ma whole, ukabweretsa angongole aja -1, -2 akhala ma integers, apo palibe nkhani. Nkhani ili pa rational ndi irrational.

Funso lake ndi limodzi basi, kodi nambalayi ingalembedwe ngati fulakishoni ya ma integers awiri, wapansiyo osakhala ziro? Ikatheka ndi rational, ikakanika ndi irrational. 0.75 ndi 3/4, 5 ndi 5/1, ngakhale 0.333... yosatha ija ndi 1/3. √9 nayenso asakuopseni, ndi 3 yemwe uja wangovala chipewa.

Koma pi, nambala ija umapeza ukagawa mtunda wozungulira seko ndi dayamita yake, amati ndi irrational ndipo ndiye wandigonetsa mochedwa. Kuyambira ku pulayimale timauzidwa kuti tigwiritse 22/7 mpaka ena tinangokhulupirira kuti ndi yemweyo, pomwe 22/7 ndi fulakishoni yooneka ndi maso, ndiye ingakhale bwanji irrational? Tagawani 22 ndi 7 pa pepala, osati pa kakyuleta poti imangodula manambala sikirini ikadzadza, mupeza 3.142857 kenako 142857 yemweyo abwereranso mpaka kalekale, chifukwa ukamagawa ndi 7 zotsala zake ndi 1 mpaka 6 basi, china chiyenera kubweranso ndipo chikangobwera zonse ziyambiranso. Pi weniweni ndi 3.14159265..., asiyana kale pa desimo yachitatu ndipo iyeyu sabwereza. Katswiri wa masamu Johann Lambert ndi amene anatsimikiza mu 1761 kuti palibe fulakishoni ingamukwane. 22/7 ndi yongoyandikira kuti tisavutike pa mayeso.

√2 ndiye yandisangalatsa heve. Jambulani sikweya ya mita imodzi mbali zonse, kuchoka pa kona kufika kona ya kutsidya ndi √2, yomwe ndi 1.41421356..., mzere uli pompo mukuuona koma fulakishoni yake kulibe. Agiriki akale anazitulukira kalekale ndipo umboni wake ndi waufupi. Tinene kuti √2 ndi a/b yochepetsedwa mpaka posachepetsekanso, ukasikweya mbali zonse upeza a² = 2b², kutanthauza kuti a ndi even. a akakhala even, a² agawika ndi 4, ndiye b² ndi even, b nayenso even. Onse awiri akugawika ndi 2 pomwe tinati sichepetsekanso, bodza lagwidwa.

Mawa ndiyesa njira yomweyi pa √3 ndisanalowe ma surds, ma root a irrational ngati √2 uja.