Agulugufe a Sitandade 5 auluka, koma za kiyi zinandiwawa

Aphunzitsi anzanga ofuna kuweta agulugufe mkalasi, zimatheka ndithu, athu auluka sabata yathayi ndipo mtima wanga wakhala pansi. Osavutika kusaka kutali, pitani pa mtengo wa mandimu kapena malalanje. Gulugufe wamkulu wakuda wa madontho achikasu uja amaikira pamenepo timazira tating'ono tozungulira, limodzilimodzi pa masamba anthete. Mbozi zake zikakhala zazing'ono zimaoneka ngati zitosi za mbalame, ana anakana kuti ndi zamoyo mpaka imodzi inayenda. Zikakula zimasanduka zobiriwira, ukazikhudza zimatulutsa tinyanga tiwiri kumutu ndi kafungo koipa.

Ife tinaika mbozizo mu chigubu chodula pamwamba. Chonde osavindikira ndi neti ya udzudzu, ija ili ndi mankhwala, imapha. Kansalu kopyapyala ndi mphira basi.

Koma chomwe chinandipsetsa mtima ndi ofesi. Kalasi yathu ilibe chitseko ndiye Lachisanu ndinapempha kuti chigubu chigone mu ofesi, tinagwirizana bwinobwino kuti Loweruka mmawa ndidzabweretsa masamba. Ndafika ndi masamba anga mmanja, loko ali pa chitseko, osunga kiyi akuti apita ku Monkey Bay. Foni osayankha. Ndinakhala pakhonde mpaka dzuwa kupendeka, kutentha kwa kuno ku Mangochi mukukudziwa, nanji mkati mwa malata mawindo otseka. Pa zenera ndikuziwona mbozi zikuzungulira pa timitengo topanda tsamba. Lolemba zambiri zinali zitafa, nyerere zili mbwee, munthu kungoti "pepani madamu, ndinaiwala". Ana ena analira, anali atazipatsa mayina.

Ndiye weekend tengani chigubu kunyumba, osadalira kiyi wa munthu.

Ndayiwala za nyerere, khazikani chigubu mu beseni la madzi kuti zisakwere. Masamba akhale atsopano tsiku ndi tsiku, a mandimu omwewo osapopera mankhwala, mbozi zimenezi masamba a mango sizidya. Muikemo kamtengo koimirira, mbozi ikakhuta imadzimangirira pamenepo ndi kaulusi nkuuma kukhala pupa, kachikwa komwe mumadzatuluka gulugufe. Apa ana amaganiza kuti yafa, auzeni asagwedeze, pamatha pafupifupi masabata awiri.

Gulugufe woyamba anatuluka mmawa tili pa masamu, mapiko onyowa okwinyika, analendewera kaye mpaka anawongoka ndiye tinakamuulutsa panja. Masamu anathera pomwepo. Koma ndikubwerezanso, Lachisanu chigubu chizipita nanu kunyumba.