Tchizi cha Gouda chokhwima chandigwira mtima

Abale, lero ndalawa tchizi cha Gouda chomwe chakhala chaka chathunthu chikukhwima. Eee, n'china! Chanthete chija cha milungu 4 n'chofewa, chimamveka mkaka, ndipo ku Netherlands amachiika pa buledi m'mawa. Koma chokhwimachi n'cholimba, chamchere pang'ono, ndipo ukamatafuna umamva timibulu tikuphwanyika m'kamwa. Poyamba ndimayesa mchenga, ndinatsala pang'ono kulavula!

Dzinali linachokera ku tauni ya Gouda ya ku Netherlands komweko, kumene alimi ankagulitsira tchizi chawo. Mpaka pano msika umachitika Lachinayi m'mawa, kuyambira Epulo mpaka Ogasiti. Eni akewo amadula chokhwimachi timabenthu n'kumasunsa mu mastadi. Ine ndangodya chokhachokha, theka latha kale.