Nsomba zosadyera nsima: bizinesi yathu pa Kasungu

Timagulitsa nsomba zosadyera nsima, zoweta m'mathanki agalasi pokongoletsa m'nyumba. Anthu akamva zimenezi pa Kasungu pano amayamba aseka kaye, kenako n'kufunsa kuti nsomba yoti sungaiotche ndi yachiyani. Shopu yathu ndi kachipinda kakuseri kwa nyumba, ndipo timayendetsa awiri, ine ndi akazi anga. Muli mathanki agalasi, mapampu a mpweya, mafyuluta, tinsomba takunja totchedwa ma guppy ndi ma molly, koma makamaka mbuna, nsomba zokongola zokhala m'miyala ya m'nyanja yathu ya Malawi.

Tinayamba ndi kumata mathanki. Galasi timadulitsa kwa odula magalasi a mawindo, ife n'kumata ndi silikoni. Nsomba zoyamba tinagula kwa oweta ku Lilongwe, ndipo pano zambiri zimaswana pomwepa. Kukagwira tokha kunyanja ayi. Zimenezo zimafuna chilolezo cha boma, ndipo ku Cape Maclear mbuna n'zotetezedwa mu Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980, UNESCO n'kudzaiika m'gulu la malo ofunika padziko lonse mu 1984.

Koma chimene chinaumba bizinesiyi ndi chakudya. Kasitomala ankatenga thanki akumwetulira, pakapita masabata ochepa foni: “Bambo, nsomba zanu zija zikufa.” Ukapita kukaona, madzi ali mbuu, pansi pali zotsala zowola. Vuto ndi mtima wathu wabwino Amalawife, sitifuna kuona chamoyo chili ndi njala pakhomo. Bambo athira m'mawa, ana akaweruka kusukulu athiranso, madzulo wina waponyamo nyenyeswa za buledi. Mbuna nazo n'zachinyengo, zimathamangira pagalasi nthawi iliyonse ngati sizinalawe kanthu chilawireni dzana. Chakudya chotsalacho chikawola chimatulutsa amoniya, ndipo amoniyayo ndiye amawononga ziwalo zopumira za nsomba.

Palinso nkhani ya mtundu wa chakudya. Kunyanja mbuna zambiri zimakhalira kupala ndere pamiyala, ndipo matumbo ake ndi aatali, oyenera zamasamba. Ukamazipatsa zanyama ndi zamafuta tsiku ndi tsiku, mimba imatupa, chimbudzi chimatuluka choyera ngati ulusi, nsomba n'kusiya kudya. Oweta akunja matendawa amawatcha Malawi bloat, ndipo akafika potupa mimba kupulumutsa nsombayo n'kovuta. Utaka ndiye wina, umadya tizilombo ting'onoting'ono ta m'madzi, choncho chakudya chake chimafuna zanyama zochulukirapo.

Chakudya chabwino cha m'mabotolo, chokhala ndi ndere yotchedwa spirulina, chimachokera kunja. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 mtengo wake unafika poti mphunzitsi sangaupirire, ndipo apa m'pamene akazi anga anayamba kupanga chathuchathu. Amaumitsa masamba a chammwamba pamthunzi kuti asataye kubiriwira, amakazinga soya, amasinja usipa wouma, zonse n'kusefa. Akasakaniza ndi timadzi amapaka mopyapyala pathileyi, zikauma n'kufikisa kukhala tizidutswa. Mapaketi ndi awiri: wobiriwira wa mbuna, usipa wake wongolawitsa, ndi wina wa usipa wambiri wa utaka ndi ma guppy. Timapanga pang'onopang'ono chifukwa nyengo ya mvula chimachita nkhungu msanga, ndipo chankhungu n'chotaya basi.

Malangizo timalemba papaketi pomwepo. Kawiri patsiku, muyeso woti zimalize pasanathe mphindi ziwiri, ndipo tsiku limodzi pa sabata zigone ndi njala. Limeneli ndi lomwe anthu amakangana nalo kwambiri. Mayi wina wa loji anandiuza kuti ndine wouma mtima, koma nsomba zawo mpaka lero zilipo, zinaswananso.

Ziwiri zina n'zakuno kwathu. Nsombazi zimafuna madzi ofunda madigiri 24 mpaka 27, pamene usiku wa June ndi July pa Kasungu kumazizira zedi. Madzi akazizira chakudya sichigayika msanga m'mimba, ndiye amene alibe hita yotenthetsera madzi achepetse muyeso. Magetsi akathima, osathira kanthu ngakhale pang'ono, poti fyuluta ndi pampu zaima ndipo nsomba yokhuta imafuna mpweya wambiri. Ndipo mukaona mbuna yaikazi yatupa kukhosi, ikukana chakudya, musathamangire mankhwala: yafungatira mazira m'kamwa, ndipo imatha pafupifupi masabata atatu osadya.

Malonda a mathanki amatsata fodya. Msika wa ku Chinkhoma ukatsegulidwa ndalama zimayenda m'tauni muno, ndipo maoda amabwera mpaka ochokera ku Santhe ndi ku Chatoloma. January ndi February kumakhala zii, moti chimatigwira dzanja ndi timapaketi ta chakudya tija, poti amene anagula thanki chaka chatha amabwerabe mwezi ndi mwezi. Masiku ano thanki sichoka pashopu tisanamvane kuti pakhomopo wodyetsa ndi ndani, munthu mmodzi, dzina lake tilembe m'kope. Ndalama za msika ukubwerawu tikufuna tigulire sola yoyendetsa mapampu a m'chipinda choswetsera.