Kasikana kanga ka chingwe chimodzi

Amene mumadutsa pakhonde panga ku Area 25 mumadziwa kuti ndimataipa ndi kusikana mapepala. Ambiri mumandifunsa kuti kasikana kathyathyathya kaja pulagi yake ili kuti. Ilibe. Chingwe nchimodzi basi cha USB, chomwecho chimakoka moto mu laputopu, chomwechonso chimapititsa chithunzi pa sikirini. Zamtundu umenewu zilipo zingapo, monga Canon LiDE 300 kapena Epson V39.

Ndinakagula chifukwa cha kuzimazima kwa magetsi, sindinama. Tsiku lina anazima kuyambira mmawa, nde kunabwera mtsikana wina ali wefuwefu, akufuna satifiketi ya MSCE ndi chiphaso cha unzika zikhale PDF, kuapulaya ntchito kukutsekedwa 5 koloko, wazungulira mashopu a fotokope onse eni ake angokhala pabenchi kudikira magetsi, wina jenereta anali nayo koma mafuta njee. Ine kutsegula laputopu, kulumikiza chingwe, kuika pa 300 dpi, kuchuluka kwa timadontho ta chithunzi pa inchi imodzi (musamavutike ndi 2400 ija amalemba pakatoni, fayilo imangonenepa nkukana kutumizika), pasanathe mphindi khumi anali atatumiza. Mpaka lero akadutsa amati achimwene mwaswera bwanji.

Kuti kayende ndi laputopu yokha nchifukwa kamadya moto wochepa zedi. Doko la USB 2.0 limapereka mavolti 5 ndi 500mA, kutanthauza mawati 2.5, osafika ngakhale babu la LED lapabalaza. Nkopepukanso, ndimakaponya mchikwama limodzi ndi laputopu nkukwera minibasi kupita ku Old Town kukasikana malisiti a kasitomala ali pashopu pake.

Koma moto wochepawo ndi umenenso umabweretsa vuto. Kuti asunge moto, opanga amaikamo sensa yotchedwa CIS, imayenda pansi penipeni pa galasi ndi timagetsi ta LED, ndipo imaona bwino chokhacho chagona pagalasipo. Chikangotukuka pang'ono, mbuu. Zija zokhala ndi pulagi yakukhoma zambiri zili ndi CCD, ya magalasi ndi lenzi mkati, izo zimaona ngakhale pepala litakwera pang'ono.

Ndinaziphunzira ndi Baibulo la malemu agogo. Patsamba loyamba analembapo ndi bolopeni maina a ana awo onse ndi masiku obadwa, amalume anati mphwanga tasikana tsambali tigawane pa gulupu ya banja. Bukulo ndi lochindikala, pakati sipagona. Maina akumphepete anatuluka bwinobwino koma manambala oyandikira msana wa buku anali ngati aviikidwa mmadzi, chaka chobadwa cha mayi anga osawerengeka ngakhale pang'ono. Ndinayesa kukanikiza chivindikiro ndi dzanja, kumva ulusi wa bukulo ukuti thethe, ndinaleka msangamsanga. Satifiketi yopindikapindika nayonso mumizere mopindidwamo mumatuluka mthunzi, muziyamba mwaiwongola pansi pa mabuku olemera.

China ndi chingwe. Changa chitaduka ndinagula chachitali chotchipa pamsika, kasikana kanangoti grrr nkuima pakati, kompyuta ikuti palibe chalumikizidwa. Ndimaganiza kafa, kumeneko ndi chingwe chikutaya moto panjira. Chimodzimodzi mukakalowetsa pa hub, kachipangizo kochulukitsa madoko a USB, pamodzi ndi mausi ndi fulashi, zimalandana motowo. Lumikizani pa laputopu penipeni ndi chingwe chachifupi. Batire nayo imatha msangako, makamaka laputopu ikakhala yakalekale ngati yangayi.

Za liwiro musayembekeze zambiri, tsamba limodzilimodzi, tsegula tseka tsegula tseka, wina akabwera ndi masamba 80 dzanja limachita kuwawa, ndipo chopitirira A4 muzisikana zidutswa ziwiri.

Tsamba la agogo lija mapeto ake ndinangolijambula ndi foni pawindo dzuwa la mmawa, mwana wa achemwali atagwira bukulo mbali zonse ziwiri. Amalume akuti ndiwapurintire kopi, ndikudikira magetsi abwere poti printa yokha imafuna pulagi.