Sabata ya fomu: mafelemu, mapaipi ndi mipata ya pansi pa denga

Nyumba ya sabata ino tinaipeza mafelemu a zitseko ndi mazenera atalowa kale, mapaipi atadutsa m'makoma, kutangotsala kutseka mipata omata pulasitala asanafike. Lolemba sitinatsegule ngakhale chitini chimodzi cha fomu, thovu lopopera limene limafufuma n'kulimba potseka mipata. Tinangoyendera mpata uliwonse ndi tepi yoyezera ndi choko. Mpata wosafika mamilimita 5 si wa fomu, chifukwa mlomo wa mfuti yopopera sulowa, fomu imangokhala pamwamba mkati mulibe kanthu. Umenewo ndi wa silikoni kapena acrylic. Wa sentimita 1 mpaka 4 ndiye wake weniweni. Ukapitirira masentimita 5 timapopera kawiri kapena katatu, ndipo chibowo choti chibakera n'kulowa chimayamba chatsekedwa ndi njerwa ndi simenti. Chitini cha 750 ml opanga amachilemba kuti chimatulutsa malita pafupifupi 40, koma amayezera fomu yofufuma pamtetete. M'mpata wothina sichifika pamenepo, choncho powerengera zitini timaonjezera.

Lachiwiri linali la mafelemu, ndipo apa m'pamene ntchito ya fomu imaonongekera kawirikawiri. Fomu imeneyi ndi polyurethane, siuma ngati penti. Imalimba ikakumana ndi chinyezi: mankhwala a isocyanate a m'katimo amagwirana ndi madzi n'kutulutsa mpweya wa carbon dioxide, umene umathandiza kuifufumitsa. N'chifukwa chake mpata timayamba tausesa ndi bulashi, fumbi lonse lichoke, kenako timauwaza madzi ndi kabotolo kopopera. Kungonyowetsa pang'ono, osati mpaka madzi azichucha, pakuti pamadzi oima fomu sigwira. Mukapopera pakhoma louma gwa, kunja kumachita khungu msanga pamene pakati pakadali phalaphala. Mawa lake mukadula mumapeza mphako zazikulu ndi zomata zabulauni, kapena fomu imadzapitiriza kufufuma patapita masiku, pulasitala atamata kale, n'kumung'amba.

Chitini chimafuna kukhutchumulidwa mwamphamvu kosachepera ka 20, ndipo pogwira ntchito chimakhala chozondoka, valavu pansi. Chikaima chilili chimangotulutsa gasi, fomu n'kutsalira m'katimo yopanda choikankha. Kutentha kwa chitini kukhale cha m'ma 20°C. M'mawa kukazizira timachiviika m'madzi ofunda pang'ono, osachiwambika pamoto kapena kuchisiya padzuwa, chifukwa chikapitirira 50°C chitha kuphulika. Popopera timayambira pansi kukwera m'mwamba kuti yatsopano izikhala pa inzake. Fomu yopopera ndi kapaipi kapulasitiki m'malo mwa mfuti imafufuma kuwirikiza kawiri kapena kupitirira, choncho mpata umadzazidwa osapitirira theka. Ya mfuti imafufuma pang'ono, mutha kufika magawo awiri mwa atatu. Ongoyamba kumene ntchitoyi amadzaza mpaka pakamwa poona ngati achepetsa, zotsatira zake theka la chitini limathera pansi ngati zodulidwa.

Fomu si yomangira felemu. Felemu iyambe yaikidwa pa levulo, yapanidwa ndi timatabwa, yamangidwa ndi masikuluwu kukhoma. Kenako timapingasa matabwa atatu mkati mwake, m'mwamba, pa loko ndi m'munsi, ndipo sachoka mpaka fomu italimbiratu. Mphamvu ya fomu ikamafufuma imaoneka yochepa, koma pa felemu yaitali mamita awiri imakwanitsa kuipinda pakati ndi mamilimita angapo, okwanira kuti chitseko chizikhula. Pa mazenera a aluminiyamu ndi PVC timagwiritsa ntchito yokhayo yolembedwa kuti ndi ya zitseko ndi mazenera, yosakankha kwambiri. M'mbali mwa felemu timamatamo tepi ya pepala. Ikadontha pamalo osafunika, musaipukute ndi nsalu, mungoipaka ponseponse. Yaiwisi imachoka ndi acetone kapena mankhwala otsukira mfuti, koma acetone amadya penti ndipo amaononga PVC, choncho pamalo otero ndi bwino kuisiya iume n'kuitokosa. Ikauma palibe mankhwala wamba amene amaisungunula, ndi mpeni basi. Pakhungu imakhala masiku mpaka khungu lakale litafundulika, ndiye magolovesi a nitrile ndi magalasi otchinga m'maso savulidwa.

Lachitatu m'mawa tinadula zotuluka. Fomu imasiya kumata pakatha mphindi 10, imadulika pakatha ola limodzi ngati mzere wake uli wa masentimita awiri kapena atatu, koma kulimbiratu kumafuna maola 12 mpaka 24. Mpeni ukhale wakuthwa ndi wautali, wobuntha umangozula. Pamene padulidwa timabowo ta fomu timakhala poyera ndipo timamwa madzi ngati siponji, choncho kunja kwa nyumba pamafunika pulasitala kapena silikoni pamwamba. Amene amati fomu imatseka madzi a mvula sanabwerereko pakhoma pawo patatha chaka. Masana tinapita ku mapaipi a kubafa ndi kukhitchini. Paipi ya pulasitiki ya mtundu wa polyethylene fomu siigwira, monganso sigwira pa silikoni, pa Teflon ndi pamalo pamafuta. Imadzaza mpata koma paipiyo imaterereka m'katimo, zimene si zoipa pa paipi ya madzi otentha imene imatalika ndi kufupika. Mawindo awiri a kuseri tinapeza amene anawaika atatseka ndi fomu timabowo ta m'munsi totulutsira madzi. Tinatitsegula, apo ayi mvula ikanamasonkhana m'felemu n'kulowera mkati mwa khoma.

Lachinayi lonse linapita pa khoma la pakati pa galaja ndi nyumba, lomwe pa pulani linalembedwa kuti ndi lotchinga moto. Fomu wamba imayaka ndipo utsi wake ndi wapoizoni. Pakhoma lotere pamalowa yosagwira moto msanga, imene opanga ambiri amaipatsa mtundu wa pinki kapena wofiira. Koma mtundu si umboni. Pa chitini kapena pa pepala la opanga pamalembedwa kukula ndi kuya kwa mpata umene anaiyesera, ku Ulaya motsatira muyezo wa EN 1366-4, ndipo mphindi zimene amalonjeza zimagwira pa miyeso imeneyo yokha. Pozungulira paipi yapulasitiki fomu yokha sikwanira, chifukwa paipi ikasungunuka imasiya chibowo chodutsa moto. Pamenepo pamavekedwa kolala yapadera imene imatupa ikamva kutentha n'kutseka chibowocho. Pafupi ndi chumuni sitiikapo fomu ya mtundu uliwonse, popeza youma imapirira kutentha kongofika cha m'ma 90°C. M'mabokosi a magetsi namonso ayi.

Tsiku lomwelo tinaimitsa kaye owotcherera geti amene amagwira pafupi ndi khomo la galaja. Gasi wokankha fomu m'chitini ndi wa mtundu wa propane ndi butane, wolemera kuposa mpweya, amatsikira pansi ndipo kanthethe kamodzi n'kokwanira. Zitseko ndi mazenera zimakhala zotsegula chifukwa cha gasiyu, komanso chifukwa isocyanate amayambitsa mphumu kwa ena akamaupuma kawirikawiri. M'maiko a European Union, kuyambira pa 24 August 2023 wogwiritsa ntchito mankhwala amenewa pantchito amayenera kuyamba waphunzitsidwa.

Lachisanu tinakwera pansi pa denga. Mwini nyumba amafuna mipata yonse pakati pa khoma ndi malata itsekedwe chifukwa cha makoswe ndi mileme. Khoswe amaboola fomu mosavuta, choncho tinayamba talowetsa waya wa timabowo ting'onoting'ono, fomu n'kubwera pambuyo kudzamugwira. Mipata yolowetsa mphepo m'denga tinaiveka waya yekha, chifukwa denga lotsekedwa kotheratu limasunga chinyezi ndipo matabwa amayamba nkhungu. Fomu yoonekera kunja tinaidula n'kuipaka penti. Dzuwa limaisandutsa yachikasu m'masiku ochepa, kenako yabulauni, ndipo pakapita miyezi imayamba kufumbutuka mukaikhudza.

Poweruka mfuti sitiichotsa pa chitini chimene chikadali ndi fomu. Timatseka sikuluwu ya kumbuyo, kupala mlomo ndi mpeni, n'kuimika chitini valavu ili m'mwamba. Motere mphepo silowa ndipo mfuti imadikira masabata angapo osatsekeka. Chitini chikatha, chatsopano chimalowa nthawi yomweyo, kapena timamangapo cha mankhwala otsukira n'kupopera mpaka azituluka oyera. Zitini zosatsegula zimasungidwa choimirira pamthunzi. Zikagona, valavu imamatana, ndipo tsiku lotha ntchito lolembedwa pansi pake, kawirikawiri miyezi 12 mpaka 18 kuchokera popangidwa, timaliona tisanakweze katundu wa Lolemba.